Zilembo Zazikulu pa Kanema wa Ababa

4 Febuluwale

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kutauniko. Kuno tilipo, kungoti mvula yatitsekera m'nyumba sabata yonse, ndipo denga la kukhitchini layambanso kudontha pomwe munamata paja.

Katundu wanu anafika Lachiwiri. Akondakitala a basi anandipatsira pazenera, amvekere, "Ugwire bwino, achimwene ako akuti muli ofesi yonse m'menemu." Ndinatsegulira patebulo losokera la ababa. Ndi kompyuta, ndaiona. Koma achimwene, galasi lake ndi losweka, mng'alu wachoka pakona kukafika pakona. Ndikaiyatsa imalira pang'ono ngati mphaka wakhuta, koma pagalasipo pamangokhala bii. Sindikudziwa ngati yaswekera m'basi kapena munaitumiza ili choncho. M'katonimo munalibe kalata. Ndinakutumula kawiri konse.

Ababa anaipapasa paliponse, mpaka kuinunkhiza. Anafunsa komwe yachokera, ndinati kwa inu. Anafunsa kuti ndi ya yani, ndinati ndi ya pakhomo pano. Kenako anatuluka kukauza akalipentala oyandikana nafe kuti mwana wawo wamwamuna wawatumizira makina.

Za maso awo si zabwino. Lolemba tinali kuchipatala. Adokotala akuti si ng'ala yoti angachotse, ndi shuga uja wadya mitsempha ya m'kati. Lakumanzere linatseka kale. Lakumanja likuona ngati munthu ali mu utsi, ndipo akuti mvula ikamatha nalonso likhoza kutseka. Ulusi mu singano ndimawalowetsera ndine, iwo n'kumasoka mipendero pongokhudza. Makalata anu ndimawawerengera ndine, poti zilembo za papepala sakuzionanso.

Ndilibe mawu ambiri, mukundidziwa. Zaka zitatu zakwana. Bwerani adzakuoneni diso lisanatseke.

Ine mlongo wanu.

15 Febuluwale

Kachete wanga,

Moni. Ine ndili bwino, miyendo yokha ndiyo ikudandaula. Umesenjala ndi ntchito yodya nsapato.

Kalata inalipo, ndaipeza dzulo m'thumba la jekete. Ndakalamba ndisanakwatire. Usadandaule, kompyutayo sinaswekere m'basi. Abwana anaitseka cholembera chili m'kati, galasi n'kuphulika. Amafuna kuitaya, ine n'kuipempha. Mutu wake ndi wabwinobwino, yafa ndi nkhope yokha. Upite kwa wokonza mawailesi kumsika, akupatse chingwe cholumikizira kompyuta ku wailesi ya kanema. Mbali ina ilowe m'nthiti mwa kompyuta, ina kuseri kwa kanema. Zonse zomwe zikanaoneka pagalasi loswekalo zizioneka pakanemapo.

Tsono umvetsetse. Makinawo ndi ako. Si a pakhomo, si a atelala, ababa akowo. Ndikufuna uphunzire kutayipa. Kuno kuli mayi wina wa sitolo yotayipa ndi kusindikiza makalata, akufuna mtsikana wa manja achangu, wosalongolola. Ndinati wosalongololayo ndili naye kale, za manja achangu mundipatse miyezi itatu. Za sukulu sanafunse n'komwe. Tsiku lililonse uzitenga pepala lililonse lolembedwa n'kumakopera, ngakhale makalata angawa. Zala zidzazolowera zokha.

Za kubwera usazitchulenso. Unalipo pa maliro a amayi. Basi inatifera panjira, ndinathamanga wapansi, ndinafika akukwirira, matope mpaka m'mawondo. Unamva zomwe ananena khamu lonse likumva: "Ine mwana ndili naye mmodzi, wamkaziyu." Munthu wa mwana mmodzi akufuna kuona wachiwiri wa chiyani? Za maso awo ndamva chisoni, monga ndingamvere chisoni munthu aliyense wodutsa mumsewu.

Ndikanakuimbira foni, koma iwe pafoni umangoti ee, ee, mpaka mayunitsi kutha. Uzilemba. M'kalata ndi momwe umalankhula.

Undiuze ngati chingwe chapezeka.

Ine mchimwene wako.

2 Malichi

Okondedwa achimwene,

Zikomo chifukwa cha kalata. Tili bwino. Denga lija akalipentala amata.

Chingwe chapezeka. Wokonza mawailesi uja, amene ana amati a Mawaya, sanafune kungondipatsa, anabwera okha kunyumba. Akuti, "Ndikakupatsa iwe ukalowetsa m'ketulo." Anakwera pampando, n'kutembenuza kanema pashelefu paja, fumbi kobo! Analowetsa chingwe, osaoneka kanthu. Anatulutsa, kuuzira, kulowetsanso, osaoneka kanthu. Ababa amvekere, "Mawaya, ukandiphera kanema wanga ndikusokera thalauza la mwendo umodzi." Kenako anadina kabatani kena pa rimoti, ndipo mwadzidzidzi khoma lonse linawala. A Mawaya anati, "Atelala, nyumba yanu yasanduka banki." Ababa anaseka mpaka kutsokomola. Ndinali nditaiwala kuseka kwawo.

Ine ndimakhala patebulo losokera, kanema ali pakhoma, ndiye zilembo zinkaoneka ngati nyerere. A Mawaya anazikulitsa, chilembo chimodzi ngati chikhatho cha mwana. Tsopano mzere umodzi umalowa mawu atatu kapena anayi basi, koma ndimaona bwino ndikalakwitsa.

Tinagawana nthawi. M'mawa ndi madzulo kanema ndi wa ababa, amamvera nkhani. Masana ndi wanga. Iwo sachoka, amakhala pampando wawo uja, womwe anausendeza pafupi ndi kanema chaka chatha, n'kumasoka mipendero. Akuti kulira kwa mabatani anga kuli ngati makina a telala waulesi. Ndimatayipa ndi zala ziwiri, maso ali pansi kufunafuna zilembo. Chilembo china chimandithawa tsiku lililonse.

Zokopera zikusowa m'nyumba muno. Mapepala a mankhwala a ababa ndamaliza, kalendala ndamaliza, risiti ya magetsi ndaikopera kasanu. Ndiyamba makalata anu monga munanenera.

Kalata yanu ndawawerengera. Akuthokoza moni.

Za ntchito ya mayi uja ndamva, ndipo ndathokoza pondiganizira. Koma ndikachoka, ulusi adzawalowetsera ndani? Dzulo anathira madzi otentha pambali pa kapu, pang'onong'ono apse mwendo. Ganizaninso zobwera, ngakhale tsiku limodzi.

Ine mlongo wanu.

12 Malichi

Kachete,

Ndasangalala kuti makina akugwira ntchito. A Mawaya uwathokoze.

Koma wati akuthokoza moni. Moni uti? Ine sindinapereke moni. Iwe umawawerengera makalata anga kapena umaimba nyimbo zako?

Ndikuuze komaliza, usadzandivutitsenso. Tsiku lija anakwirira anthu awiri, amayi ndi ine. Ine nanenso ndinawasiya kumanda komweko. Diso likatseka litseke, palibe chomwe ndikufuna kuti aone pa ine. Chimene chimandiwawa ndi iwe. Uli ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ukuwolera m'nyumba ndi singano ya munthu wina. Limbikira kutayipa, uchokemo.

Ine mchimwene wako.

21 Malichi

Achimwene,

Sindikudziwa poyambira. Ndalakwa, ndipo kulakwa kwake si kwa lero.

Lachinayi masana ndinatenga kalata yanu yomalizayi kuti ndikopere, yoyamba kukopera mwa makalata anu. Ndinali nditawawerengera kale m'mawa mwa njira yanga. Ndinati muli bwino, ntchito yachuluka, mukufunsa za maso awo. Ndikamatayipa sindimva mawu, ndimangosaka chilembo chimodzichimodzi, maso ali pamabatani. Ababa anali pampando wawo ndi siketi ya kasitomala pamiyendo. Sindinaganize kanthu. Munthu amene saona kapu patebulo angaone chiyani pakhoma?

Nditadzutsa mutu ndinapeza aimirira. Siketi ili pansi. Mphuno yawo inatsala pang'ono kukhudza galasi la kanema, mutu ataupendeketsa kuti diso lakumanja likhale kutsogolo. Ndipo anawerenga mokweza, pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani: "Diso. Likatseka. Litseke."

Achimwene, zilembo zazikulu zowala zija amaziona. Akuti anayamba kuziona tsiku lomwe a Mawaya anazikulitsa, koma sananene. Ankangosangalala chamumtima kuti akuwerenganso, ngakhale ndi risiti ya magetsi.

Ndinafuna kuzimitsa. Anati, "Amayi, usakhudze. Wasiyira pakati. Maliza." Mukudziwa amanditchula amayi akafuna kundinyengerera, koma tsikulo mawu ake anali ouma. Ndinamaliza. Anawerenga yonse. Kenako anati, "Katenge chitini." Chitini chija ndimasungamo makalata anu onse. Masiku awiri ndakhala ndikutayipa, iwo ataimirira pakanema. Awerenga onse, kuyambira yoyamba ija munalemba mutangobwerera kutauni maliro atatha. Paliponse pamene munalemba kuti atelala, ine ndinkawerenga kuti ababa. Aona okha.

Atamaliza anakhala pansi. Anafunsa, "Ndiye moni wa zaka zitatu uja anali wako?" Ndinati ee. Anati, "Telala wa nyumba ino ndiwe. Wakhala ukuika zigamba zaka zitatu, ine osaona msoko." Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Popeza ndayamba, ndimalize. Inunso ndinkakunamizani. M'makalata akale ndinkalemba kuti ababa akufunsa za inu, kuti akuti muzivala zofunda nthawi yozizira. Sananenepo. Zaka zitatu dzina lanu silinatuluke pakamwa pawo. Ndikamawerenga kalata ankangomvetsera, n'kuti "chabwino." Zoti mubwere adzakuoneni anali mawu anga. Zokauza akalipentala zija zokha ndiye zinali zoona.

Ndinkaganiza kuti ndikapitiriza choncho, tsiku lina mudzakumana pakati. Ndinalibe nzeru ina. Pakamwa panga mukupadziwa, sindikanatha kukuyankhulani maso ndi maso, inu kapena iwo.

Muli kalata ina m'envelopumu. Ndi yawo. Ananena okha, ine ndikutayipa, iwo akuwerenga liwu lililonse pakanema kuti ndisasinthe. Pena ndinafuna kufewetsa, anati fufuta, lemba momwe ndanenera. Ndakasindikiza kusitolo ya pafupi ndi positi.

Mundikhululukire.

Ine mlongo wanu.

21 Malichi

Mwana wanga,

Ndine bambo ako, amene umati atelala. Dzinalo ndalilandira. Ndi ntchito yomwe inakulera.

Makalata ako ndawerenga ndekha, onse. Umalemba bwino. Ukali unatengera ine, kulemba unatengera amayi ako.

Mawu aja kumanda ndinanena. Sindikukana, ndipo sindinaledzere. Amayi ako anakuitana masiku atatu m'chipatala. Chitseko chikatseguka ankadzutsa mutu. Ine ndinkati ali m'njira, ali m'njira. Atapita ndinalibe womukalipira. Imfa ilibe makutu. Ndiye unatulukira iwe ndi matope ako, ndinakalipira iwe. Zoti basi inafa ndinazimva tsiku lomwelo madzulo. Ndikanatha kukuitana m'mawa mwake. Sindinatero. Tsiku linakhala sabata, sabata inakhala chaka. Nsalu ukaidula molakwika, ukamachedwa kuvomera umangoonjezera kudula.

Ndinalakwa. Ana ndili nawo awiri.

Mlongo wako usamukalipire. Anatinamiza tonse chifukwa tonse tinamusiyira katundu wathu kuti asenze yekha. Za ntchito wamupezera wachita bwino. Apite. Ine ndidzaphunzira kuthira madzi m'kapu.

Sindikupempha ndalama kapena mankhwala. Ndatsala ndi kadiso kamodzi, nakonso kali pa ulendo. Nkhope yako yomwe ndili nayo m'mutu ndi ya tsiku lija. Sindikufuna kulowa nayo mumdima imeneyo. Bwera undipatse ina.

Ine bambo ako.

9 Epulo

Kachete,

Makalata onse awiri ndalandira. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinafuna mtima utsike.

Kutayipa ndiye wakudziwa, ndakuyamikira. Palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Mayi uja ndamuonetsa mizere iwiri yoyamba, wati ubwere mwezi wamawa.

Koma usandiyese mwana. Wavomera wekha kuti zaka zitatu wakhala ukundiikira mawu m'kamwa, iwonso kuwaikira mawu m'kamwa. Lero ukunditumizira pepala lotayipa, lopanda dzanja la munthu, ukuti ndi lawo. Ndikhulupirire bwanji? Atelala ndimawadziwa. Anafupikitsapo mkono wa jekete ya aphunzitsi, n'kuwauza kuti mkono wawo ndiwo watalika. Munthu ameneyo anene kuti "ndinalakwa"? Chigamba ichi ndiye chachikulu kuposa zonse, mlongo wanga, ndipo chandipweteka kuposa zonse, chifukwa ndinalira ndisanazindikire.

Sindinakwiye nawe. Koma usadzachitenso.

Ine mchimwene wako.

19 Epulo

Achimwene,

Kalata yanu ndinaitayipa yonse pakanema, anawerenga okha. Pa za mkono wa jekete anaseka pang'ono, n'kuti, "Koma unalidi wautali." Kenako anati ndichoke patebulo.

Cholembera sangathe, saona pomwe chikugwera. Ndiye anati atayipa okha. Ndinawasendezera tebulo pansi pa kanema. Mabatani sawaona. Amadina limodzi, n'kuimirira kukayang'ana pagalasi chomwe chatuluka. Chikakhala cholakwika amafufuta, n'kudina loyandikana nalo. Batani lofufutira ndinalimata kansalu kuti azilipeza ndi chala. A Mawaya anabweranso kudzakulitsa zilembo, tsopano liwu limodzi limadzaza kanema yense. Atenga masiku anayi. Diso limatuluka misozi chifukwa cha kuwala, ndikawauza kuti apume amandithamangitsa.

Sindinakhudze kanthu. Zomwe alembazo ine sindinkazidziwa. Ndazimata m'munsimu momwe zatulukira.

Ine mlongo wanu.

ndine ndekha
tsiku unachoka ndinakutsata mpaka kudepoti
ndinaima kuseri kwa galimoto ya makala
unakhala pa benchi yachitsulo
unavula nsapato imodzi kuchotsa matope ndi kamtengo
unagula madzi sunamwe unapatsa mwana wa mayi wina
basi itabwera unayang'ana kumsewu wa kwathu kawiri
ndinali pomwepo
miyendo inakana
bwera

6 Meyi

Okondedwa achimwene,

Masabata awiri adutsa, sitinamve kanthu. Akondakitala akulumbira kuti envelopu anakupatsani m'manja. Foni yanu ndinaimba kawiri, inangoitana. Mwina mukudwala? Tiuzeni.

Mvula yatha. Ababa asiya kusoka. Dzulo anandifunsa ngati kanema ndayatsa, ali woyaka. Kenako anati, "Ee, ndaona, ndimakuyesa." Masana amakhala pakhonde, nkhope kumsewu. Basi ikalira kudepoti amakonza kolala.

Sindikupemphaninso kanthu. Ndangoti mudziwe.

Ine mlongo wanu.

11 Meyi

Kachete,

Sindikudwala. Envelopu ija sindinaitsegule. Ndinaiponya pamwamba pa kabati, ndinkati muli zigamba zina. Foni ndinaiona, ndinaisiya dala. Ndatsegula lero, italowa kalata yako yachiwiriyi.

Za kudepoti zija palibe munthu ndinamuuzapo. Mwana uja anali ndi chipewa chofiira. Ndinayang'anadi kawiri.

Abwana akuti sabata ino sizitheka, kuli msonkhano, makalata achuluka. Andilola Lachisanu la sabata yamawa. Uwauze ababa kuti ndikubwera. Uwauze momwemo, usawonjezere, usachotsere.

Ine mchimwene wako.

26 Meyi

Kachete wanga,

Ndafika bwino. Basi sinafe ulendo uno, ngakhale ndinaiopseza.

Ndakhala pano pabedi, nsapato sindinavule, ndikungoganiza za Loweruka. Nditaima pakhomo paja, iwo n'kumayang'ana pambali panga, pa mpanda, mtima unagwa. Ndinati ndachedwanso kachiwiri. Anandigwira dzanja, anati, "Mawu ndi ako, koma ndikungoona chithunzithunzi." Ndikanakhala ndekha ndikanangokhala pansi n'kulira.

Nzeru ija inandibwerera bwanji sindikudziwa. Kuofesi abwana akamachita msonkhano nkhope zawo zimaoneka pakompyuta, ndiye ndinakumbuka kadiso kojambulira kaja kali pamwamba pa galasi losweka. Unaona momwe ndinavutikira kukapeza. Koma nkhope yanga itadzaza kanema yense, mphuno ngati chitseko, iwe unaseka. Usakane, ndinakumva.

Sindidzaiwala. Ine patebulo losokera, iwo atandipatsa msana, mphuno pagalasi, manja onse awiri atagwira m'mbali mwa kanema ngati agwira mapewa a munthu. Nthawi yaitali bwanji. Kenako amvekere, "Ndakuona. Wanenepa. Ndevuzo umete, ukuoneka ngati wakuba mbuzi." Kachete, zaka zitatu ndimayenda ndi mwala pachifuwa. Unagwa pomwepo.

Ndinafika pa nthawi yake. Mwina mochedwa, koma pa nthawi yake. Ndikanachedwa sabata ina sindikanadzikhululukira.

Mayi wa sitolo akuti akudikira mpaka kumapeto kwa Juni. Tikambirane za munthu woti azikhala ndi ababa masana. Akazi a akalipentala anaonetsa mtima. Ine ndizibwera mwezi uliwonse.

Upereke moni kwa ababa. Moni weniweni, wochokera kwa ine. Uutayipe ndi zilembo zazikulu.

Ine mchimwene wako.

3 Juni

Okondedwa achimwene,

Tili bwino. Moni wanu ndapereka, alandira ndi manja awiri.

Kalata iyi ndayamba katatu. Ababa anati ndisakuuzeni. Ndawauza kuti ndikuuzani, chifukwa ndinalumbira kuti sindidzasokanso chigamba pakati pa inu awiri. Madzulo ano anati, "Chabwino. Koma ulembe zonse, osati theka."

Moni wanu sindinautayipe. Ndinawawerengera pakamwa. Zilembo zazikulu anasiya kuziona pa 9 Meyi, masiku awiri musanatsegule envelopu ija. Tsikulo ndinatayipa dzina lawo, chilembo chimodzi kudzaza kanema yense, anati akungoona kuyera.

Loweruka lija sanakuoneni. Pagalasi paja ankaona kuwala, ndi mdima pang'ono pakati pake. Zoti mwanenepa anazidziwa atakugwirani dzanja pakhomo. Za ndevu anandifunsa ine kukhitchini, inu mukulimbana ndi kompyuta. Anandinong'oneza, "Ali ndi chiyani kumaso chomwe ndingatchule?" Ndinawauza. Ndiye bodza limeneli nanenso ndilimo.

Mutakwera basi ndinawafunsa chifukwa chake. Anati, "Mwana uja anachedwapo kamodzi, ine n'kumulanga zaka zitatu. Ndimulole adzilange yekha moyo wake wonse chifukwa cha kachiwiri?"

Zotsalazi akuti ndilembe momwe akunenera, ndipo ali pano pambali panga.

Akuti nkhope ya kumanda ija ikadalipo, sinachoke, ndipo ina sadzakhala nayo. Vuto limenelo ndi lawo, asenza okha, inu musalitenge. Akuti masabata atatu a envelopu pa kabati ndi ochepa poyerekeza ndi zaka zitatu za munthu amene anaima kuseri kwa galimoto ya makala. Akuti pamene anali atagwira kanema uja ankakumvani kumbuyo kwawo mukupuma ngati mwana amene watopa ndi kulira, ndipo sanafune kutembenuka msanga, chifukwa aka kanali koyamba kukhala m'chipinda chimodzi ndi ana awo awiri chimwalirire amayi.

Akuti ndevu mumetebe.

Kanema tsopano ndi wanga tsiku lonse, iwo akuti wailesi yaing'ono ikuwakwanira. Ndimatayipa ndi zala zisanu ndi chimodzi. Za mayi wa sitolo tidzakambirana mukabwera, ababa akuumirira kuti ndipite, ine mtima sunavomere.

Mukakwiya nane, kwiyani, koma lembani. Chilichonse mudzalembe ndidzawawerengera momwe chilili, ndipo chilichonse adzayankhe mudzachimva momwe chilili. Alibenso njira yondigwirira bodza, achimwene. Atsala ndi pakamwa panga pokha.

Akufunsa kuti mwezi uno mubwera Lachisanu liti.

Ine mlongo wanu.